A Payipi ndi Batani Lofiira

Dzina loti Payipi anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, sabata yoyamba yomwe. Anali mnyamata wamtali ndi wowonda, ndipo tsiku limene anawasenzetsa mnzawo paphewa kuti atsike naye pamakwerero, anapindika pakati ngati payipi yopanda madzi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, dzina n'kukanirira. Anagwira ntchito yozimitsa moto zaka 34, ndipo pofika tsiku lopuma, dzina lawo lenileni linkangopezeka pa makalata.

Pa zaka zonsezo anatulutsa anthu m'mawindo, anavuula mbuzi m'chitsime, ndipo tsiku lina anatsitsa mayi woyembekezera kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja katatu, mayiyo akuwatukwana njira yonse. Ntchitoyo inawasiyira chipsera pamkono ndi khutu lakumanzere logontha chifukwa cha kulira kwa sayirini. Inawasiyiranso matenda owerenga nthawi. M'thumba la malaya awo simunkasowa kawotchi kowerengera masekondi. Ketulo ikachedwa kuwira, ankaiyang'ana ngati wantchito waulesi. Ana awo atatu anakula akudziwa kuti nsapato zimagona zitaloza kukhomo, ndiponso kuti bambo awo akhoza kuliza wezulo pakati pa chakudya kuti aone ngati banja lingatuluke panja m'masekondi makumi atatu. Mayi a anawo okha ndi amene sankadzuka. Ankapitiriza kudya n'kumanena kuti, "Ndipsere momwemuno, bola nditakhuta."

Mayiwo atamwalira, nyumba yawo ya zipinda zitatu inakula mwadzidzidzi. Ana aamuna awiri anali kutali, ndipo ankangotumiza malangizo pafoni. Wamkazi, amake mapasa, anali ndi saluni tsidya lina la tauni, ndipo ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu kudzaona bambo ake. Masiku ena onse a Payipi ankadziphikira, kudzichapira ndi kusita malaya awo okha, mzere wa pamkono uli chilili ngati akupita ku perete.

Nkhani inayamba ndi bafa. M'nyumbamo munali bafa lakale lija lokhala ngati bwato, lomwe munthu amachita kukhalamo pansi. Lachiwiri lina m'mawa, a Payipi, ali ndi zaka 81, analowamo bwinobwino, anasamba, anataya madzi, koma pofuna kudzuka bondo lakumanja linakana. Anagwira mpopi, manja anaterera. Anayesa kutembenuka, chiuno chinati ayi. Foni inali pabalaza. Anaitana kawiri, kenako anasiya. Oyandikana nawo anali atapita kuntchito, ndipo ngakhale akanamva, munthu amene ananyamula anthu pamakwerero sangapezeke ali chibadwire m'bafa ngati nsomba yoyembekezera wogula.

Anakhala momwemo maola atatu. Thaulo analikoka ndi chala cha kuphazi n'kufunda. Anawerenga zolembedwa pa botolo la mankhwala otsukira pansi mpaka kuziloweza. Litakwana ola lachitatu, kuzizira kutalowa m'mafupa, anaganiza za akazi awo, amene pakangotha mphindi khumi akanagogoda n'kufunsa ngati amira. Apo anasiya kuwerenga botolo lija, n'kumangoyang'ana khoma.

Kenako anamva kiyi pakhomo.

"Ababa! Muli kuti?"

"Ndili muno. Usalowe. Ndikuyendera bafa."

"Mukutani?"

"Ndikuona ngati munthu angathe kutulukamo pa nthawi ya ngozi."

"Ndiye mwapeza zotani?"

A Payipi anakokera thaulo pachifuwa.

"Sangathe."

Amake mapasa anawatulutsa ndi nsalu yoyala pabedi, nkhope atayang'ana kumbali, iwo akulamula kuti, "Pinda mawondo! Usakoke ndi msana!" Atawakhazika pampando ndi kuwapatsa tiyi, mwana uja analowa kukhitchini n'kutsegula mpopi kwambiri. A Payipi anadziwa kuti akulira, ndipo anakhala ngati khutu lakumanja nalonso lagontha.

Lamlungu lake amake mapasa anabwera ndi mwamuna wake. Mkamwini ameneyu ankagulitsa nsapato m'sitolo, koma anali ndi bokosi lalikulu la zitsulo ndi mtima wokonza zinthu, motero banja lonse linkamutchula kuti a Injiniya. Ndi iwo amene anakonzapo feni mpaka inayamba kuzungulira chobwerera. A Payipi ankawalemekeza monga mwa chipongozi, koma akabwera ankabisa wailesi.

Amake mapasa anayala mapepala patebulo.

"Choyamba, Ababa, mubwere tizikakhala limodzi."

"Kwanu kuja kuli khomo limodzi, ndiponso n'kosanja. Ine sindigona m'nyumba ya khomo limodzi."

"Ndiye tipeze munthu woti azikhala nanu."

"Azitani?"

"Azikuyang'anirani."

"Ndikudya azindiyang'ana? Ndikukanda mwendo azindiyang'ana? Ine ndi khanda?"

A Injiniya anatsokomola mwaulemu. "Bambo, masiku ano zinthu zinapita patsogolo. Pali zipangizo."

Mawu oti zipangizo anawafewetsa a Payipi. Munthu ungakangane naye, koma chipangizo umachiyesa, n'kuona ngati chikugwira ntchito. Anavomera, koma ananena kuti chilichonse chimene chilowe m'nyumba mwawo achiyendera okha.

Choyamba inali kamera. A Injiniya anaikhazika pamwamba pa kabati ya pabalaza, kuti amake mapasa aziona bambo ake pafoni ali kusaluni. Tsiku loyamba a Payipi anadutsa pabalaza atavala jekete. Tsiku lachiwiri anawonjezera tayi, ndipo ankati akafika kutsogolo kwa kabati ankawongola msana n'kuyenda ngati msilikali, n'kukapumira kukhitchini. Tiyi ankamwera chiimire kuseri kwa chitseko. Tsiku lachitatu amake mapasa anangoona mdima, n'kuimba foni mtima uli m'mwamba.

"Ababa, kamera yatani?"

"Yavala sokisi."

"Chifukwa?"

"Ndatopa, mwanawe. Masiku atatu ndili mlendo m'nyumba yanga yomwe. Komanso tandiuza, ndinakanirira pabalaza kapena m'bafa? Ukufuna ukaiike m'bafa?"

Amake mapasa sanafune. Kamera inabwerera m'katoni.

Chachiwiri chinali wotchi ya pamkono, yomwe a Injiniya anasankha okha. Inali yoti munthu akagwa imamva kugundako, imalira pang'ono kufunsa ngati ali bwino, ndipo akapanda kuidina imatumiza uthenga ku foni ya mwana wake. A Payipi anaikonda chifukwa inali wotchi. Vuto linali loti kulira kwake kunali kwa kamwana ka mbalame, ndipo iwo sankakumva.

Lolemba m'mawa anaona mphemvu pakhoma la kukhitchini. Anavula silipasi n'kuimenya kamodzi, mwamphamvu, monga munthu amene anazolowera kuthyola zitseko. Anatola mphemvu ija, anasamba m'manja, n'kukhala pansi kuwerenga nyuzi. Posakhalitsa chitseko chinatseguka ngati chakankhidwa ndi mphepo, amake mapasa n'kulowa ali wefuwefu, chipeso chili m'tsitsi, epuloni ili m'chiuno. Kusaluni anasiya mayi wina ataluka theka la mutu.

"Mwagwera pati? Mwapweteka pati?"

"Wagwa ndani?"

Atamvetsa zimene zinachitika, a Payipi anavula magalasi.

"Uthengawo unafika nthawi yanji?"

"Teni koloko."

Anayang'ana wotchi. "Mphindi 23. Ikanakhala nyumba ikupsa, ukanapeza phulusa lozizira. Unadzera njira ya kumsika?"

"Ababa!"

"Usamadzere kumsika. Kumakhala magalimoto ambiri."

Lachitatu wotchi inatumiza uthenga chifukwa ankakutumula kapeti. Lachisanu inatumiza chifukwa timu yawo inagoletsa chigoli pawailesi, iwo n'kumenya tebulo. Mayi wa theka la mutu uja anasamukira kusaluni ina. Koma tsiku limene a Payipi anatereradi pampando pofuna kutola cholembera, n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukhala pansi ngati thumba losadzaza, wotchi inangoti zii, ikuonetsa nthawi mokhulupirika. Anakwawa mpaka pasofa n'kudzuka okha. Poyamba anaganiza zobisa, koma chipangizo chikalephera chimayenera kulembedwa lipoti. Analemba pa kapepala n'kupatsa mwana wawo: "Chimamva mphemvu. Mwini nyumba sichimumva."

Chachitatu anachisankha amake mapasa okha, osafunsa mwamuna wake. Linali batani lofiira lokhala pa chingwe, lovala m'khosi, losaopa madzi. Pabalaza anaikapo kabokosi kolankhula. Munthu akadina batani, ku ofesi ina kunkayankha munthu weniweni, amene ankafunsa chomwe chachitika n'kuimbira mwana wake kapena ambulansi.

"Tadinani tiyese," anatero amake mapasa.

A Payipi anatulutsa kawotchi kawo kakale kaja, anadina zonse ziwiri pamodzi. Kabokosi kanalira, kenako panamveka mawu a mayi wodekha.

"Moni agogo. Muli bwanji? Kodi ndikulankhula ndi ndani?"

"Masekondi khumi ndi limodzi. Si zoipa. Koma mwayamba molakwika, mayi."

"Pepani, mwati bwanji?"

"Moni ndi wa anthu amene ali ndi nthawi. Funsani kaye chimene chachitika ndi pomwe munthu ali. Akakomoka mutangomva dzina lake, mupita nalo kuti dzinalo?"

Amake mapasa anabisa nkhope m'manja. Koma mayi uja anaseka.

"Pomwe muli ndikupaona kale pa kompyuta, agogo. Koma zinazo mwanena zoona. Munkagwira ntchito yanji?"

Anacheza mphindi zisanu ndi ziwiri. Pomaliza, a Payipi anali atamupatsa dzina loti a Kontrolo, monga ankatchulira munthu wolandira mafoni kusiteshoni kwawo, ndipo anagwirizana kuti aziyesa batani Lolemba lililonse eyiti koloko. Amake mapasa anapita kwawo mtima uli m'malo koyamba m'mwezi wonse.

Lachisanu anapeza batani lija litapukutidwa bwino, likulendewera pa msomali pabalaza, pafupi ndi chisoti chakale cha a Payipi.

"Ababa, ichi chikutani apa?"

"Chida chimakhala pamalo pake, pomwe aliyense angachipeze."

"Malo ake ndi m'khosi mwanu."

"Ine si ng'ombe yoti ndizivala belu."

Anakangana mpaka tiyi kuzizira. A Payipi ananena kuti chingwe chimayabwa, kuti chingakole pa chogwirira cha chitseko, kuti chofiira sichigwirizana ndi malaya awo. Chifukwa chenicheni sanachitchule. Moyo wawo wonse belu likalira, iwo ndiwo ankathamanga. Batani likakhala pa msomali, linali chida cha m'nyumba ngati ndowa ya mchenga. Likakhala m'khosi, linkauza aliyense wolowa pakhomo kuti uyu tsopano ndi wonyamulidwa. Motero Lolemba lililonse ankalichotsa pa msomali, kuyesa, kucheza pang'ono ndi a Kontrolo, n'kulibwezera pomwepo.

Patapita masabata atatu, Loweruka masana, a Injiniya anafika okha ndi bokosi lawo la zitsulo. Anati abwera kudzakhoma zogwirira m'bafa kuti apongozi awo azidzuka mosavuta. A Payipi anakhala pa mpando pakhomo la bafa kuti aziona. Zogwirira zisanatuluke n'komwe m'pepala, a Injiniya anayang'ana kudenga n'kuona kuti getsi likuphethira.

"Ili ndiyambe nalo, bambo. Ndi mphindi imodzi."

Anatenga kampando ka kukhitchini n'kukaimika mkati mwa bafa lokhala ngati bwato lija.

"Apongozi, kampandoko kali ndi mwendo umodzi waufupi."

"Musadandaule, bambo. Ine ndimakwera mashelefu tsiku ndi tsiku."

"Pansipo ndi poterera."

"Ndaona kale."

Anakwera, anatambasula dzanja, kampando kanapita kwake, iwo kwawo. Pogwa anakoka katani, ndipo katani ndi chitsulo chake zinawatsatira n'kuwafunditsa. Kunamveka kulira komwe a Payipi ankakudziwa bwino, kwa munthu amene fupa lathyoka ndithu. Phazi la a Injiniya linali litaloza kumene phazi silimaloza. Foni yawo inali m'thumba lakumbuyo, ndipo anaikhalira.

"Musasunthe," anatero a Payipi, ndi mawu amene anali asanawagwiritse ntchito kwa zaka makumi awiri. Chala chawo chinadina kawotchi m'thumba chokha, mwachizolowezi.

Anadzuka pampando, ulendo woyamba bondo linakana, wachiwiri linavomera. Ndodo yawo yoyendera inagwa, ndipo kuitola kunali ntchito ina. Anayenda m'kanjira ka pakati pa zipinda atagwira khoma. Kanjirako anakadutsa zaka makumi anayi osadziwa kuti n'katali chonchi. Kumbuyo mkamwini ankaitana amayi ake. Atafika pa msomali n'kudina batani, anayang'ana kawotchi: mphindi imodzi ndi masekondi makumi asanu. Kale, pa nthawi imeneyo, ankakhala atavala, atakwera galimoto, ali pa mphambano yachiwiri. Ndipo lero anali ndi miyendo yonse iwiri. Akanakhala iwo m'bafamo, batani la pa msomali likanawathandiza ngati ambulera yoiwalika m'basi.

"Chachitika n'chiyani, agogo?" anafunsa a Kontrolo, opanda moni.

"Mwamuna mmodzi, zaka 46, wagwa m'bafa. Wathyoka mwendo wakumanzere chapansi pa bondo. Akupuma, akulankhula, akulankhula kwambiri. Magazi palibe. Chitseko chakumaso muchipeza chotsegula."

"Ambulansi ikunyamuka. Ndikuimbira mwana wanu."

Anatsegula chitseko, anatenga ambulera yawo yaitali ndi matayi atatu. Manja anadzaza, ndodo inafunanso dzanja, motero batani analiponya m'khosi osaganiza n'komwe. M'bafa anagwada pambali, anakutula mwendo wa mkamwini, anaika ambulera m'mbali mwake n'kumanga matayi, mfundo zake zaukhondo ngati za pa chionetsero. A Injiniya anapepesa, anabuula, anapepesanso.

"Pumani pang'onopang'ono. Mundiuze mitundu ya nsapato imene mumagulitsa. Yambani ndi za ana."

Atamaliza kumanga anafuna kudzuka, koma bondo linati lagwira ntchito yokwanira tsiku limenelo. Anangokhala pansi, msana atatsamira khoma, n'kumamvetsera za nsapato.

Anthu a ambulansi anali awiri, mwamuna ndi mkazi. Pa kapepala kawo panalembedwa kuti nyumbayo ndi ya bambo wa zaka 81 wokhala yekha, ndipo kwagwa munthu m'bafa. Atalowa anapeza bambo wokalamba ali pansi, batani lofiira lili pachifuwa. Sanafunse zambiri. Wina anagwira kumapewa, wina kumiyendo.

"Osati ine!"

"Musaope, agogo, mwafika m'manja abwino."

"Ndikuti si ine wovulala!"

"Onse amatero. Chikupweteka ndi chiuno?"

Anali atawagoneka kale pa machira, akumanga lamba woyamba, pamene katani ya m'bafa inagwedezeka, dzanja n'kutulukamo.

"Pepani, akuluakulu," anatero mawu ofooka. "Ndine kuno."

Amake mapasa anafika pa nthawi yomweyo, n'kupeza bambo ake ali pa machira, mwamuna wake ali m'bafa ndi ambulera kumwendo. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, osadziwa woyamba kumulirira. Mayi wa ambulansi anawerama n'kuona mfundo za matayi zija.

"Wamanga izi ndani?"

"Ine," anatero a Payipi ali chigonere. "Ndimasuleni ndikuonetseni momwe mungamutulutsire osapinda mwendowo."

Anawamasula, ndipo anatsatira malangizo awo.

A Injiniya anawaika pulasitala ya masabata asanu ndi limodzi. Popeza masitepe a kwawo sakanatha kukwera, anadzakhala kwa apongozi awo, m'chipinda chakale cha anyamata. Mmisiri weniweni anabwera, anachotsa bafa la bwato lija, anaika shawa ndi kampando kokhoma kukhoma, zogwirira n'kuzimanga molunjika. A Payipi anazikoka ndi mphamvu zawo zonse, n'kuvomereza ndi mutu.

Amake mapasa tsopano ankabwera tsiku lililonse akaweruka. Anaona kuti pa msomali patsala chisoti chokha, anaonanso kachingwe kakusuzumira pansi pa kolala ya bambo ake. M'mawa uliwonse a Payipi ankaphunzitsa mkamwini kuyenda ndi ndodo ziwiri m'kanjira kaja, akuwerenga masekondi, ndipo masana ankasewera makadi, a Injiniya akuluza mwaulemu.

Sabata yachinayi, a Payipi anakodola mwana wawo n'kulowa naye kukhitchini. Anatseka chitseko, n'kutsitsa mawu.

"Amuna akowa akuchira."

"Ndaona, Ababa. Zikomo."

"Sindikunena zoyamika. Dzulo ndinawapeza ataima ndi mwendo umodzi kuseri kwa firiji, sipanala ili m'manja. Akuti ikulira modabwitsa."

Amake mapasa anagwira pakamwa.

"Ndalankhula kale ndi a Kontrolo. Akuti batani lachiwiri likhoza kubwera Lachinayi, koma pakufunika wachibale asaine." Anatulutsa pepala lopindidwa bwino m'thumba la malaya, analiyala patebulo, n'kuikapo cholembera. "Saina apa, mwanawe. Ameneuja si munthu womusiya yekha m'nyumba."